Nsapato za Bambo M'chikwama cha Mayi

Pa tsiku lachitatu la ulendo wapansi, akutsika phiri, bondo la mayi wina amene anali paulendowo ndi mwamuna wake linatupa ngati mpira. Anakhala pamwala n'kukhuthula chikwama chake kuti apeze bandeji.

Munatuluka nsapato za mwamuna wake, wailesi, ndi mabotolo awiri a madzi omwe iye sanalongedze.

"Inu bambo, izi zalowa bwanji muno?"

Bamboyo anayang'ana kumbali. "Paja adokotala anati ndisamasenze zolemera, ndiziteteza mawondo."

"Ndiye angawa ndi achitsulo? Njira yonseyi mwakhala mukundinena kuti ndikuyenda ngati birimankhwe!"

Mayiyo anatsomphola ndodo yoyendera m'manja mwa mwamunayo, n'kudzuka akukukuta mano.

"Nanga katunduyu?" anafunsa bamboyo.

"Adzatenge adokotala anuwo."