Vinyo Wobwerera ku Ubwana

Ahedi anagwada patsogolo pa kafuriji ka vinyo, monga ankachitira m'mawa uliwonse chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi, n'kuyamba kutembenuza mabotolo awo limodzilimodzi. Anali mabotolo akuda, olembedwa m'chilankhulo chachilendo, mphatso yochokera kwa mkamwini wawo wogwira ntchito kunja. Ahedi anamva kuti vinyo amakoma akakalamba. Choncho anagula kafurijiko, n'kukaika pabalaza pamene panali wailesi, ndipo anayamba kudikira. Zaka zinadutsa osatsegula ngakhale limodzi.

Tsikulo dzanja lawo linakhudza kanthu kachilendo. Kuseri kwa mabotolo kunabisala kambale koyera.

"Amake mwana! Ichi n'chiyani?"

"Mafuta anga akumaso," akazi awo anayankha ali kukhitchini. "Oletsa makwinya. Wogulitsa anati azikhala pozizira, koma m'furiji yaikulu amatenga fungo la anyezi."

"Analowa liti muno?"

"Kalekale. Inu maso amangokhala pa mabotolo anuwo. Ine ndi zanga simutiona."

Ahedi anavala magalasi n'kuwerenga pachivundikiro: amabweza ukalamba. Vinyo amene ankamulera kuti akalambe anakhala akugona chipinda chimodzi ndi mdani wa ukalamba!

Loweruka linali tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, ndipo anali ataitana kale telala, mnzawo wa paubwana, amene anamutopetsa kwa zaka ndi nkhani ya vinyoyo. Telala anabwera atavala jekete. Ahedi anatsegula botolo, anathira m'matambula, anapukusa, ananunkhiza atatsinzina, kenaka anamwa.

Anali wotsekemera ngati zakumwa za ana.

Telala anagugudiza tambula yonse n'kukhala phee, kudikira kuti mutu uzungulire. Mutu unakana.

"Achimwene," anatero, "vinyo wanuyu sanamere n'komwe mano."

Botolo lachiwiri chimodzimodzi. Telala anaponya diso kukhitchini n'kunong'ona kuti mwina alamu ankapapira masana n'kumathiramo zina. Ahedi anaunika mabotolo otsalawo ndi tochi. Zotsekera zonse zinali zomata bwinobwino, zosakhudzidwa ndi chikhadabo cha munthu. Wakuba panalibe. Wolakwa anali mmodzi yekha, ndipo Ahedi anamuloza ndi chala.

"Mafutawa! Vinyo wanga wabwerera ku ubwana. Tikanachedwa pang'ono tikanapeza mphesa."

Anathamangitsira kambale kaja pawindo, ndipo kwa masiku angapo ankalankhula ndi akazi awo ndi mphuno yokha. Koma tsiku lina pometa ndevu anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali: dazi lofika kunkhongo, masaya ogwa, khosi la nkhukundembo. Ngati mafutawa anabweza vinyo kudzera m'botolo lotseka, nanga munthu, amene alibe chotsekera? Anakatenga kambale kaja ndi manja awiri n'kukabwezera m'kafuriji, pashelefu yapamwamba.

Pakamwa pa telala panalibe zipi. Posakhalitsa pabalaza panayamba kudzaza. Mayi woyandikana nawo nyumba anabwera ndi mkaka wosasa kuti ugonemo. Wapolisi wopuma anabweretsa mano ake oikirira, atawakulunga m'kampango. Makaniko anafika ndi batire lakufa la galimoto. Mwini wa nyumba imene ankachita lendi anadza ndi mphaka wake wokalamba, koma mphakayo anakana yekha, n'kusiya zikhadabo zake pamkono wa Ahedi. Palibe amene anabwerera wokhumudwa. Wapolisi analumbira kuti manowo tsopano akutafuna fupa.

Amene analibe chimwemwe anali mwini mafuta. Madzulo ena Ahedi anawapeza akazi awo atakhala pampando, kagalasi kali pamwendo, maso atalengeza misozi.

"Ndadzola zaka zonsezi," anatero. "Vinyo wopanda nkhope wapindula. Ine makwinya akungobalana."

Ahedi, amene moyo wawo wonse ankaphunzitsa ana kuganiza, anaganiza.

"Vuto ndi malo, amake mwana. Vinyo sanadzole. Anangokhala nawo pafupi, pozizira, chitseko chotseka."

Mawa lake anatulutsa mabotolo onse n'kuwandanda patebulo, anazula mashelefu, n'kuyala pilo pansi. Anayamba kusinthana ndi akazi awo. Wina ankagwada n'kulowetsa mutu m'kafuriji pafupi ndi kambale, mnzake n'kumufunditsa thaulo pamapewa kuti kuzizira kusathawe. Akatuluka ankayang'anana nkhope, pafupi kwambiri, monga anali asanachitirenso chibadwire mwana wawo.

"Kamzere kapafupi ndi diso kaja kapita," Ahedi ankatero, mano akuguguda.

"Nanunso patuluka katsitsi apa," akazi awo ankayankha, akuwasisita padazi, n'kuseka ngati mtsikana.

Chimfine chinawagwira onse awiri, koma sanaleke. Chokoma sichibwera ndi manja m'thumba, Ahedi ankatero akuyetsemula.

Umu ndi momwe mkamwini anawapezera atabwera kutchuthi mosayembekezeka. Anaodira, palibe anamva. Analowa ndi sutikesi, n'kuona apongozi ake aamuna atagwada, mutu m'kafuriji, matako kumwamba, apongozi aakazi ali pambali kudikira nthawi yawo. Mwaulemu ananjuta pakhomo n'kuthawitsira maso kumbali. Masowo anagwera patebulo.

"Pepani bambo," anatero chapansipansi, "madzi a mphesa aja simunamwebe? Ndinachita kusankha dala opanda mowa, poti adokotala anakuletsani."

Ahedi sanatulutse mutu.