Khonje Woyenda Yekha

Panangokhala, kudera lina kumene khonsolo inali itangolambula msewu, Nungu anaona timaenje tiwiri ta mawondo pafupi ndi khonje wa m'malire ake. Zinkaonetsa kuti wina anagwadapo pokumba.

Kale, mwamuna wake atamwalira, alamu ake a Njiri anatenga dambo lachonde n'kumusiyira malo amiyala. Tsopano msewu unadutsa kumiyalako, mitengo ya malo n'kukwera. Dambo lija palibe ankalifunsa, poti khonsolo inaletsa kumangamo. Ndipo khonje wa Nungu anali atasendera m'kati mikono khumi.

Masana a Njiri anafika ndi Khwangwala, wogula mapuloti wa m'tauni.

"Alamu, khonjeyu wayamba kuyenda?" anafunsa Nungu motsitsa mawu.

"Ndinam'dzala pomwepano ndekha, malemu akadali moyo," anatero a Njiri.

"Ndiye kuti mizu yake inapita pansi. Tam'kankhani ndi mano anuwo, alendo aone kulimba kwa malire."

Pamaso pa mlendo a Njiri sakanakana. Anagunda pang'ono chabe, khonje n'kugwa chagada, mizu yodukaduka, dothi likadali lofewa. Khwangwala anati wakumbukira msonkhano wina, nauluka.

"Mukanandipempha ndikanakugawirani," anatero Nungu. "Ana anu aja ndi anganso."

A Njiri anangoyang'ana pansi.

M'mawa mwake anabwera ndi khasu, nabwezera khonje yense pamalo akale. Nungu anawaikira mpando pakhonde ndi kapu ya thobwa, koma iwo pobwerera anadzera kuseri kwa nyumba.