Mabotolo Oyera a Zacarias

"Mabotolo anga ali kuti?" anafunsa Celina, wopima matenda a ziweto.

Kwa masabata atatu anakhala akulera maselo m'timabotolo, atawasakaniza ndi magazi a mbuzi za ku Mualadzi. Lero akanathiramo mankhwala oonetsa kachilombo kamene kakupulula makola.

"Tatsuka ndi javeli, mankhwala oyeretsera aja, mayi," anayankha a Zacarias, shefi woyang'anira labolatoriyo, munthu wodziwira mabuku pachikuto. "Alendo a ku Tete adzaone madzi achikasu ngati mkodzo? Ulemu mulibe?"

Alendo ogawa katemerawo atafika, mkulu wao anakweza botolo padzuwa. Linali mbee.

"Kachilombo mwakapeza?"

"Dzionereni nokha, bwana. Kwathu kuno n'kwaukhondo," anatero a Zacarias.

Mkuluyo anawagwira chanza, nalemba kuti kuno kulibe matenda, katemera wa mbuzi apite boma lina.