Mavu Athamangitsa Adzukulu

Padangokhala Mavu, chisa chawo chili pansi pa denga la nkhokwe. M'menemo ankaphunzitsa ana awo kuluma, ndipo mayeso ake anali ankhanza. Mwana wolephera kuzindikira mdani, kapena woluma m'bale wake, ankafera pomwepo. Adzukulu a pachisapo anali Nyerere. Mtembo usanazizire n'komwe, izo zinkaunyamula n'kukaudyera kuseri mwakachetechete.

Tsiku lina mkulu wa Mavu, mwini chiuno chonga ulusi, anaimitsa Nyerere ina pakhomo.

"Inu mukunenepa ndi maliro athu. Nkhondo tizimenya ife, kukhuta muzikhuta inu?"

"Ndiye mitemboyi muzinyamula nokha, achimwene, tione," inayankha Nyerere.

"Kukoka zakufa nayonso n'kukhala ntchito? Chokani."

Nyerere zinatula pomwepo mtembo umene zinanyamula n'kumapita.

Pa Mavu onse panalibe woukhudza. Aliyense ankati iye ndi msilikali, sagwira zonyansa. Mitembo inaunjikana, inatupa, inaphulika, fungo n'kulowa chipinda chilichonse. Tsono Mavu amadziwana ndi fungo. Onse atayamba kununkha chivundi, mlonda analuma mlonda mnzake, ana analuma amayi awo. Mkulu uja anamalizidwa ndi ophunzira ake omwe, amene anakhoza bwino mayeso.

Nyerere zinabwerera chisa chitati zii.

"Odi kuno," inatero ija yothamangitsidwa. Inatembenukira zinzake. "Paja amati tikunenepa. Lero ndiye atikonzera phwando okha. Yambani ndi wa chiuno uyo."

Yathera pompo, mbatata yanu kaphuleni nokha.