Mnzake wa Zione Amene Anavula Magalasi

Panali munthu wina kuno ku Livingstone, mayi wa ku Dambwa, dzina lake Zione. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wake tili pamzere wa sikelo ya ana, ndipo analumbira kuti ndi yoona.

Zione ankagwira ntchito pa loji ina ya ku Nakatindi, yoperekeza alendo kukaona mathithi. Ntchitoyo ndi imene inkadyetsa iye ndi kamwana kake. Vuto linali magalasi. Anayamba kuwavala ali wamng'ono, ochindikala ngati pansi pa botolo. Inu mukudziwa mmene mathithi amawazira madzi mvula ikangotha, munthu umanyowa ngati wagwera mumtsinje. Magalasi akanyowa, Zione ankayenda mopapasa. Tsiku lina anaterereka pa masitepe n'kugwetsa mlendo wokalamba amene anamugwira dzanja.

Bwana wake sanachulutse mawu. "Ba Zione, mukagwetsanso mlendo, muzayenda kochapa zovala."

Zione anapita kuchipatala kukafunsa za opaleshoni ya leza, ija amati imachotsa munthu pa magalasi. Dokotala wa maso anamuyeza nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Amayi, leza imachita kupala kakhungu ka pamwamba pa diso. Kanu n'kopyapyala kale, palibe chopala. Musayerekeze. Mubwerenso mwezi wamawa tione njira ina."

Sanabwererenso, ndipo chifukwa chake chinali Choolwe.

Choolwe anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Ankaperekera zakudya pa loji yomweyo, ankaimba limodzi kwaya, ankaitanana kuti "mwana", ndipo nayenso anali wa magalasi. Lolemba lina anafika kuntchito nkhope ili mbee.

"Iwe, magalasi yali kuti?" anafunsa Zione.

"Ninataya, mwana! Ananichita leza. Kuli ba dokota bena bochokera kunja, bali pa tauni. Sibaba olo pang'ono, sumva kuwawa."

"Koma kuchipatala anakana. Akuti diso langa ni lopyapyala."

"Na ine ananiuza zamene izo. Ni mantha chabe. Ona!"

Choolwe analoza chikwangwani chakutali, tsidya la msewu, n'kuchiwerenga chonse osaphonya. Zione mtima unakhala m'malo. Mnzako wa kwaya angakunamize?

Malowo anali kachipinda kuseri kwa shopu ya magalasi. Dokotalayo sanamuyeze zambiri. Choolwe anabereka mwana wa Zione kumbuyo, namulimbitsa mtima mpaka pakhomo. Zione anagona pabedi, anaona kuwala kofiira, anamva fungo ngati la tsitsi lopserera, basi zatha.

Mwezi woyamba anaona bwino moti analira ndi chimwemwe. Anaimirira kutchalitchi kupereka umboni, natchula Choolwe kuti ndi mngelo wake. Koma mwezi wachitatu zinthu zinayamba kuoneka ziwiriziwiri. Nyali za minibasi zinkamwazika ngati moto wa udzu. Anavala magalasi akale, osathandiza. Anathamangira kushopu kuja, anapeza akugulitsamo mafoni.

Kuchipatala dokotala uja sanakalipe. Anangoti kakhungu kaja kafooka ndipo katupira kutsogolo, chatsala n'kudikira kuti mwina adzamuike kena ku Lusaka.

Ntchito ya kumathithi inatha. Amene anailowa anali Choolwe. Anabwera kunyumba ndi buledi, misozi ili mbwembwembwe.

"Nikusungila chabe malo, mwana. Ukapola uzabwela."

Zione anamukumbatira, namuthokoza.

Patapita masiku anapita ku loji kukabweza jasi la mvula. Atafika pakhomo la chipinda chosinthira zovala, anaona chinthu chikukwawa pansi. Nkhope sakanaizindikira, koma mawu anawadziwa.

"Imani! Musaponde! Kagalasi kanga kagwa!"

Mayi wina wantchito, Imwiko, anali kuseka. "Choolwe, tumagalasi twako utu tuzakupengesa. Tsiku lililonse kukwawa monga mwana!"

Zione anafunsa chapansipansi. "Kagalasi kanji?"



"Ah, ba Zione, simudziwa?" anatero Imwiko. "Tuja toika pa diso penipeni, tosaoneka. Avala kuchokela chaka chatha."

"Choolwe. Nanga leza ija?"

Choolwe sanadzuke. Anayankha ali chogwada, osayang'ana kumwamba. "Ine ninaopa. Ninafuna nione poyamba ngati isebenza. Komanso sininakukakamize, unagona weka pabedi paja."

"Ndipo tumagalasi utu, tukananithandiza na ine?"

 Madzi a kumathithi ankangodontha kuchokera pa jasi la Choolwe.

Zione anapapasa msomali wa pakhoma, nakoleka jasi limene anabweretsa.

"Sakila bwino, mwana," anatero. "Maso yako yagwa pansi, uzatola. Yanga nizatola kuti?"

Lero Zione akadali kudikira kuti amuitane ku Lusaka. Akapita kukatenga mwana wake kusukulu ya mkaka, amaima pageti n'kudikira kuti mwanayo aitane, chifukwa pagulu la ana sangamuloze. Ku kwaya anasiya. Choolwe akadaimbabe, kutsogolo.

Phunziro: Dokotala amene wakuyezani akati ayi, musakasake inde kuseri kwa shopu. Opaleshoni ya maso inathandiza ambiri, koma si diso lililonse limene limailola. Ndipo mnzanu akati "ine ndinachita", kumbukirani kuti ena amayesera kuya kwa madzi ndi mwendo wa mnzawo. Maso ndi awiri okha, sagulidwa pamsika. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka ovala magalasi.