Umboni Umene Unam'dyera Petronela Chipukuta Misozi

Panali mayi wina ku Machinjiri, dzina lake Petronela, amene ankalera ana ake ndi khosi. Ankasenza beseni la nthochi n'kumazungulira nalo ku Chirimba konse, kaya kuli dzuwa kaya mvula.

Tsiku lina anakhala mpando wakumbuyo m'minibasi. Itaima pasiteji kuti itsitse munthu, galimoto ina inabwera n'kuiwomba kumbuyo, phwaa! Mutu wa Petronela unapita kutsogolo n'kubwerera. Magazi sanatuluke, ndipo kwathu kuno magazi akapanda kutuluka timati palibe chachitika.

Amene anatuluka m'galimotomo anali a Herbert, mkulu wa mpingo wa kutchalitchi kwawo. Anakokera dalaivala wa minibasi pambali, anamvana za bampala, nkhani n'kuthera pomwepo. Kenako anabwera kwa Petronela.

"Mayi, za apolisi tizisiye. Ndife ana a Mulungu, tingokambirana ngati anthu."

"Musadandaule bambo, ine ndili bwinobwino."

Ramsey, mlongo wake wa Petronela, atamva, sanagwirizane nazo.

"Achemwali, pitani kupolisi mukatenge lipoti, khosilo mukaonetsenso kuchipatala. A inshuwalansi samva zapakamwa."

"Iwe, ndikaneneze a kumpingo? Anthu andiona bwanji?"

Lamlungu a Herbert anamuitanira kutsogolo kuti achitire umboni. Petronela anaimirira ndi mtima wonse.

"Abale, ndinatuluka m'ngozi muja wopanda ngakhale kabala!"

Tchalitchi chonse chinangoti nthungululu, m'manja waaa.

Koma khosi silinamve nawo umboniwo. Linayamba kuuma m'mawa uliwonse, kenako dzanja n'kumachita dzanzi. Tsiku lina beseni linam'pulumuka pamsewu, nthochi zonse mbwee m'fumbi. Dokotala atamujambula anati m'khosimo munavulala kale, ndipo asadzasenzenso kanthu pamutu.

Apa m'pamene anapita kwa loya. Loyayo anafunsa lipoti la polisi, panalibe. Anafunsa pepala la kuchipatala la tsiku la ngozi, panalibe. Nambala ya minibasi, Petronela sankaidziwa n'komwe.

"Mayi, mlandu wokuwombani kumbuyo suvuta," anatero loyayo motopa. "Koma ine kukhoti ndikanyamula chiyani? Pokhapokha mwini galimotoyo avomere yekha."

Petronela anayenda ulendo wa kwa a Herbert mpaka masilipasi kutha. Lero apita kumaliro, mawa ali kumsonkhano. Tsiku limene anawapeza, anam'patsa mpando ndi tiyi, n'kumumvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapukusa mutu.

"Mayi Petronela, si inu munaima pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti munalibe ngakhale kabala? Ndiye lero mukuti munanama m'nyumba ya Mulungu?"

Petronela anasiya tiyi uja n'kubwerera kwawo. Anali atatopa moti ngakhale misozi sinabwere.

Lero amangokhala pakhonde, akafuna kucheuka amatembenuka thupi lonse. Beseni lija akusenza ndi mwana wake wamkazi, amene wasiyira sukulu panjira.

Phunziro: Manyazi anapha lambe. Galimoto ikakuwombani kumbuyo, kaya woyendetsayo ndi m'bale, mnansi kapena mkulu wa mpingo, pitani kupolisi ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale musakumva kupweteka. Kukhululuka khululukani, koma lipoti lili m'manja. Tatopa kumva nkhani zoterezi, abale. Tumizirani ena, makamaka aja amathamangira kunena kuti "ndili bwinobwino."