Malo a Telala

"Aphunzitsi, lero mutsogole ndinu," anatero namwino, maso ali pansi.

Gulu la odwala khansa linali litasonkhana pageti pa chipatala, monga limachitira Loweruka lililonse, kuti liyende limodzi mpaka kubwalo la mpira. Lamulo la gululi linali limodzi: amene wafooka kuposa onse ndiye amakhala patsogolo, ena n'kumatsata mayendedwe ake, kuti pasapezeke wotsalira. Mwezi wonse wathawu ankatsogola ndi telala. Anamuika m'manda Lachiwiri.

Aphunzitsi anakonza duku lomwe linkabisa mutu wawo wopanda tsitsi. Chilowereni m'gululi ankayenda kumbuyo, uku akuseka anzawo kuti akuyenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Ankaganiza kuti palibe amene anaona kuti sabata yatha ankangoimaima, n'kumanamizira kumanga zingwe za nsapato.

Amuna awo, amene anali atawaperekeza koyamba tsiku limenelo, anamwetulira mpaka mano onse kuonekera.

"Mwaona, mayi a ana? Ndinkakuuzani ine kuti mukuchira. Mpaka akupatsani utsogoleri."

Mayi wina wa m'gululi, wogulitsa makala, anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

Aphunzitsi anadutsa pakati pa anzawo pang'onopang'ono, n'kukaima pamalo a telala. Kutsogoloko kunalibenso msana wa munthu woti aziuyang'ana, koma msewu wokhawokha.

Anawongola khosi, n'kumwetulira.

"Ndijambulenitu, bambo," anatero. "Mukawaonetse ana."